Jombo Zopitira ku Tchalitchi

Pamene mayi Tabitha Mhango ankatsegula zenera, Nasoni anali atafika kale pakati pa bwalo, mpope uli kumsana. Ankapopera mankhwala opha udzu atavala kabudula, kuphazi kulibe kanthu, akuimba likhweru ngati masiku onse.

Chaka chimenecho boma linali litangosamuka ku Zomba kupita ku likulu latsopano, ndipo a Orton, amuna awo a Tabitha, anapatsidwa nyumba ku Area 12. Malowo anali aakulu, koma chilimwe fumbi lofiira, dzinja udzu wa dawe wokhawokha. Tabitha ankalira maluwa awo a ku Zomba. Chimene chinkawatonthoza m'mawa chinali likhweru la Nasoni, wosamalira pabwalo pawo, munthu wa kwa Chadza amene ankatha nyimbo zonse za m'tchalitchi ndi milomo yokha.

Khasu litalephera dawe, a Orton anagula mankhwala ku Old Town, pamodzi ndi jombo, ovololo ndi magolovesi. Anamuuza Nasoni kuti azivala zimenezi popopera, n'kuthamangira ku ofesi.

"Jombo zija zili kuti, a Nasoni?" anafunsa Tabitha.

"Ndasunga, mayi. Zatsopano zija ndipondetse matope? Zimene zija n'zopitira ku tchalitchi."

Tabitha anangoseka, ndipo kuseka kumeneko kunawawawa mumtima zaka zambiri. Munthu wokula akuyenda pansi, nsapato yake yoyamba ungamuuze kuti ndi ya udzu? Anamusiya. Mphepo inkabwezera mankhwala m'miyendo mwake. Kabowo ka mpope katatsekeka, iye anakaika pakamwa n'kuuzira, monga ankachitira ndi valavu ya njinga. Anapukuta milomo ndi dzanja, nati akamwa mkaka zonse zitha.

Mkaka sunathandize. Patapita masiku awiri milomo inatupa, m'kamwa munadzaza zilonda, khungu la m'miyendo linasupuka. Tabitha anachita mantha. Anamutengera ku chipatala pamodzi ndi mkazi wake Evelina. Dokotala ananena kuti akanameza ngakhale pang'ono, bwenzi akukamba za maliro. Anawalangiza kuti wopopera aziphimba thupi lonse ndi pamphuno pomwe, mphepo izikhala kumbuyo kwake, kabowo azikatokosa ndi kaudzu, ndipo asadye kanthu asanasambe ndi sopo.

"Safunsa anadya phula," anatero Evelina akumumwetsa phala ndi kasupuni. "Koma inu mwaposa, mwalawa chakudya cha dawe."

Nasoni anafuna kuseka, milomo inakana.

Anagona milungu itatu. Tsiku limene anabwerera, Tabitha anaitanitsa jombo zija. Zinatuluka m'sutikesi zikunyezimira, zitakutidwa m'nyuzipepala. Iwo anaziviika m'matope, n'kuzipaka penti wotsala wa pageti mpaka zinanyansa. Kenako anatulutsa nsapato zofiirira za a Orton, zimene ankayendera ku Zomba, n'kumupatsa Nasoni.

"Izi n'za kwa Mulungu. Izo n'za udzu. Tamvana?"

Kuyambira pamenepo Nasoni sanagwirenso mpope osavala. Dawe anatha, maluwa anamera, mpaka anthu odutsa ankaima pageti kumayang'ana. Koma mlomo wake wam'munsi unapola ndi chipsera cholimba. Akati aimbe likhweru, pankangotuluka mpweya. Anayesa mwezi wathunthu, kenako anasiya.

Tabitha anakhala m'nyumba imeneyo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo m'mawa uliwonse ankatsegulabe zenera lija pa nthawi yake. Ankangomva khasu.