Tintchentche Tokana Kufa

Kunyumba ankamutcha Nantchentche, chifukwa ntchito yake inali yoweta tintchentche tija timazungulira nthochi ikapsetsa. Mu labotale momwe ankagwira ntchito munali mabotolo mazana awiri otseka ndi thonje. M'mawa uliwonse ankawanyamula limodzilimodzi, kuwaunika pawindo, n'kulemba tomwe tafa.

Bwana wake, Profesa, ankafufuza za majini, tinthu ta m'thupi timene cholengedwa chimatengera kwa makolo ake. Gulu lina la tintchentche analiwonongera jini imodzi, ndipo tinkafa patatha mwezi m'malo mwa miyezi iwiri. Gulu lachiwiri analiwonongera jini ina, natonso tinkafa msanga. Gulu lachitatu linabadwa ndi zilema zonse ziwiri.

"Iti ndiye sitifika milungu iwiri," anatero Profesa.

Milungu iwiri inadutsa, mwezi n'kutha. Pofika mlungu wachisanu ndi chiwiri, tintchentche ta zilema ziwiri tinali tikuthamangabe m'mabotolo, kulimbirana chakudya ngati palibe chinachitika.

Profesa anangoyang'ana buku la Nantchentche n'kulitseka.

"Mayi, munasokoneza pomata mayina pa mabotolo."

"Ayi bwana, ndinamata mosamala, ndinaonanso kawiri."

"Aliyense amalakwitsa. Tayani zimenezi."

Nantchentche anafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Bambo ake, amene kale ankakonza mawotchi, anali pakhonde akusenda lalanje.

"Nanga nkhope bwanji ngati wameza kwinini, mwanangu?"

Anawafotokozera zonse. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine zimenezo ndinaziona! Munthu anabwera ndi wotchi yongofuna galasi latsopano. Nditsegule mkati, sipuling'i yolimba mopitirira, kagudumu nako kolemera mopitirira. Ndinati ndimuchitire chifundo, ndinasintha kagudumuko. Wotchi inayamba kuthamanga ngati yaba! Kani zolakwika ziwirizo zinkagwirana."

"Ndiye ndikawauze Profesa za wotchi?"

"Iyayi, angakuseke. Usalimbane nawo pakamwa. Apemphe mubwereze."

M'mawa mwake Nantchentche anagogoda pa ofesi ya Profesa.

"Bwana, tiyeni tiyambirenso, koma mayina mumate ndinu. Mulembe manambala okha, tanthauzo lake mutsekere mu envelopu. Ine ndizingowerenga osadziwa kuti botolo ili ndi la gulu liti."

Profesa anatulutsa cholembera m'thumba.

Inali miyezi iwiri yowawa. Tsiku lina firiji yosungira chakudya cha tintchentche inafa, Nantchentche anachita kuphika china mothamanga. Mabotolo ankatha limodzilimodzi, ndipo lililonse likatha ankalilemba m'buku osadziwa ngati linali la gulu la zilema ziwiri lija. Pamapeto panatsala mabotolo khumi ndi awiri a tintchentche tamoyo.

Profesa anang'amba envelopu ali chiimire. Anawerenga manambala, kuyang'ana mabotolo, kuwerenganso. Khumi ndi limodzi anali a zilema ziwiri.

Anavula magalasi.

"Pepani, mayi. Wolakwa ndinali ine. Zikuoneka kuti chilema chimodzi chikuziziritsa chinzake. Tikadziwa mmene zikuchitikira, mwina tsiku lina zidzathandiza anthu." Anakoka mpando. "Khalani apa. Inu mumationa tsiku ndi tsiku. Tiyambire pati?"

Nantchentche anakhala pansi, natsegula buku lake.

"Tisiyanitse tatikazi ndi tatimuna, bwana. Ndaona kuti totsalira tambiri ndi tatikazi."

"Mukufuna mabotolo angati?"

"Mazana anayi. Ndi firiji ina."