Nachipewa pa Thiransifoma

Boma likalengeza chinthu pa wailesi, limaona ngati chachitika kale. Chaka chimenecho linalengeza kuti chipatala chilichonse chaching'ono chikhala ndi magetsi mvula isanagwe, ndipo ntchito yonse aziyang'anira ndi mainjiniya a m'dziko momwemo, osati obwereka kunja. Mfundo yake inali yabwino, palibe angatsutse. Vuto linali lakuti tsiku lotsegulira analisankha ndi anthu amene sanakumbepo dzenje la pholo chibadwire.

Chipatala china cha kumapeto kwa msewu wafumbi chinagwera injiniya wamkazi amene amisiri ankamutcha Nachipewa, chifukwa chipewa chake cholimba sankachivula ngakhale pakudya. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo atolankhani anali atamujambulapo kale ngati chitsanzo cha ndondomeko yatsopanoyo. Koma nkhani yake inali ndi povuta. Dairekitala wa ntchito yonseyo anali amuna a achemwali ake. Ku ofesi anali bwana, kunyumba anali alamu, amene ankamuseka tsiku ndi tsiku kuti akazi awo akadzawathawa adzatenga iyeyo, ndi chipewa chakecho n'kumatungira madzi.

Poyang'ana ndi maso, ntchito inali itatha. Mapholo anaima, mawaya anakokedwa, thiransifoma inakhazikidwa pa nsanja yake pakati pa mapholo awiri, kuseri kwa chipinda cha amayi oyembekezera. Chinangotsala n'kukoka chogwirira cha swichi yaikulu imene inali pa pholo lina pafupi ndi geti. Koma Nachipewa atayeza ethi, mita inamuonetsa zosamveka. Ethi ndi ndodo zakopa zimene amazikhoma pansi kwambiri kuti magetsi akasochera alowe m'nthaka, osati mwa munthu. Anasintha mabatire a mitayo n'kuyezanso, yankho lomwelo. Anaitanitsa piki ndi fosholo, ndipo zimene anafukula zinali zochititsa manyazi. Kontirakitala amene anapatsidwa ntchito yokhoma ndodozo anali atadula ndodo imodzi m'tizidutswa n'kukhoma timitu tokha kuti tizioneka pamwamba. Kachidutswa kalikonse sikankaposa supuni kutalika kwake. Munthu wamkulu ndithu, wa ana ake, kuchita zimenezo pachipatala!

Mapaipi achitsulo ochokera pa pampu ankadutsa pomwepo kupita pa mipopi imene amayi ankachapirapo matewera, opanda nsapato, mapazi ali m'madzi. Nachipewa anawayang'ana amayiwo kwa kanthawi, kenako anapita pa swichi ija n'kukhomapo loko wake.

Anthu a magetsi ali ndi lamulo limene salichitira nthabwala. Munthu akakhoma loko pa swichi, akunena kuti moyo wanga uli pa waya umenewu. Wochotsa lokoyo ndi mwini wake yekha, bwana alibe mawu pamenepo. Pali kampata kamodzi kokha: mwini loko akachoka pamalopo, ndipo zikatsimikizika kuti sali pa waya, bwana akhoza kudula.

Ataimbira foni alamu ake, iwo anayamba ndi kuseka monga mwa nthawi zonse, koma kusekako kunathera panjira. Anati kontirakitala wazimitsa foni, ndodo zatsopano n'zochokera mumzinda, ndipo ofesi yogula katundu aliyense akuidziwa mayendedwe ake. Nduna inali itaitana kale atolankhani. Anamupempha kuti angoyatsa kwa kanthawi kochepa, nduna iombe m'manja, amayi aimbe, galimoto zikangotembenuka azimitse. Nachipewa anawafunsa kuti ndani adzalimbe mtima kuzimitsa anamwino ataona firiji ya katemera yayamba kuzizira. Anawauzanso kuti magetsi safunsa ngati ayatsidwa mwa mwambo chabe. Alamu anati aiganizira nkhaniyo.

Kuganizira kwake kunabala zodabwitsa. Kutatsala pang'ono kuti mwambo uchitike, Nachipewa anauzidwa kuti wasankhidwa kukalankhula pa msonkhano wa bungwe la mainjiniya mumzinda waukulu, pa mutu wa amayi ndi sayansi. Galimoto ya ku ofesi idzamutenga pakhomo m'mawa wa tsiku lotsegulira lomwelo. Tisaname, anakondwa. Msonkhano umenewo ankaulakalaka kuyambira ali pasukulu, ndipo anayamba n'kusita suti yake yabuluu. Ali mkati mosita kolala m'pamene zinamufikira m'mutu. Akakwera galimoto imeneyo, ndiye kuti mwini loko wachoka pamalopo. Anaika simbi pambali ali ndi ukali woti amuyesa mwana womunyengerera ndi switi.

Achemwali ake anabwera okha madzulo ake, n'kukhala pa mpando wa pakhonde osalola kulowa m'nyumba. Sanazungulire. Anati alamu ake sakudya, sakugona, ndipo akachotsedwa ntchito pa msinkhu umenewu palibe adzawalembe. Anamukumbutsa kuti anakulira m'nyumba mwawo, kuti masamu oyamba anamuphunzitsa ndi alamu omwewo patebulo lodyera.

"Mng'ono wanga, palibe akukuuza kuti uyatse. Ungopita kumsonkhanoko basi. Kodi kupita kumsonkhano ndi tchimo?"

"Achemwali, ndikapita ndayatsa."

Achemwaliwo ananyamuka osatsanzika. Zinamupweteka Nachipewa kuposa mmene ankayembekezera, ndipo analira ataima pasinki, madzi akungotayika.

M'mawa mwake dalaivala wa ku ofesi anaimba hutala pageti mpaka agalu a anthu oyandikana nawo anatopa kuuwa. Nachipewa anali atatulukira kuseri kalekale, pa njinga yamoto, atavala ovolosi. Pachipatala anapeza matenti atakhomedwa, mipando itandandalikidwa, kwaya ya amayi ikuyeserera nyimbo yotamanda chitukuko. Pholo la swichi analikulunga nsalu yoyera ndi riboni, loko wake akulendewera pakati pa zokongoletsazo. Sanapereke moni kwa aliyense. Anatenga makwerero ndi lamba wokwerera, anakwera pa nsanja ya thiransifoma, anadzimangirira ku pholo n'kukhala pansi miyendo ili lendelende. Atatero anakankha makwerero aja ndi phazi, n'kugwera mu udzu.

Folomani, bambo wa imvi amene anagwira naye ntchito yonseyo, anabwera n'kuima pansi pake atagwira m'chiuno. Anangofunsa ngati watenga madzi akumwa. Atamva kuti ayi, anamuponyera botolo lake n'kubwerera ku tenti.

Alamu anafika patsogolo pa nduna, atatchena suti yakuda, chodulira maloko chili m'buti ya galimoto. Atauzidwa kuti ayang'ane kumwamba, nkhope yawo inagwa. Anabwera chothamanga, nsapato zonyezimira zikulowa m'matope a pa mipopi. Anayamba ndi nthabwala, kuti mkazi wawo wamng'ono wasanduka nyani liti. Sizinagwire. Anapitiriza ndi kuchonderera, kenako kuopseza: kuti amuimitsa ntchito lero lomwe, kuti bungwe limulanda chiphaso, kuti pakhomo pawo asadzapondeponso. Nachipewa anayankha kamodzi kokha.

"Mwini loko ali pa waya, alamu. Mwamuona ndi maso anu."

Kenako ma sailini a galimoto za nduna anamveka. Fumbi linadzaza pabwalo, amayi anayambitsa nyimbo, ndipo nduna inatsika ikugwedeza dzanja mbali zonse, ngakhale kwa Nachipewa kumwambako. Alamu anali atanong'oneza wothandizira wa nduna kuti injiniya akumalizitsa kuyendera zinthu. Nduna inasangalala nazo, mpaka inamutchula m'mawu ake, kuti taonani mwana wathu wamkazi, zipatso za ndondomeko yathu. Anthu anaomba m'manja. Inalankhula za sayansi, za achinyamata, za mayiko ena amene anatukuka ndi magetsi, dzuwa likumuwamba Nachipewa pa chitsulo chotentha, miyendo itachita dzanzi.

Mawu atatsala pang'ono kutha, Nachipewa anaona alamu akupereka chodulira kwa folomani. Folomani anaonetsa dzanja lake n'kupukusa mutu, akuti nyamakazi yamugwira kuyambira m'mawa. Alamu anayang'ana amisiri ena, ndipo aliyense anapeza chochita ndi zingwe za tenti. Basi anavula jekete, anapita okha kuseri kwa nsalu yoyera ija. Phokoso la loko akuduka ndi laling'ono, koma Nachipewa analimva bwinobwino pakati pa ng'oma ndi nthungululu.

Apa mantha anamugwira, mantha enieni. Anadziwa chimene alamu ankadalira: kuti akaona loko wagwa akuwa, apempha makwerero, atsika yekha. Ankamudziwa kuyambira ali kamtsikana koopa ngakhale mphemvu. Nduna inadula riboni, anaiveka magolovesi a labala, n'kuiimika pa chogwirira. Ojambula anagwada kutsogolo. Alamu anali pambali pa nduna, koma maso awo anali pa nsanja, akumuuza ndi nkhope yonse kuti tsika, mwana iwe, tsika.

Nachipewa anavula golovesi yake pang'onopang'ono kuti alamu aone. Anaimirira, anatambasula dzanja, n'kugwira chitsulo cha pamwamba pa thiransifoma pamene waya wamkulu amafikira. Sanakuwe.

Woyendetsa mwambo anayamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo, khamu lonse likumutsatira. Nduna inakunga mkono. Chogwirira chisanasunthe, alamu anailumphira n'kuigwira padzanja ndi manja awiri, mwamphamvu moti chipewa cha nduna chinagwa pansi. Asilikali oiteteza anawakhamukira n'kuwagwetsera m'fumbi. Nyimbo inaduka pakati pa mawu. M'bata limenelo munamveka mawu a alamu okha, ali chigonere, bondo la msilikali lili pamsana, akubwereza kuti pali munthu pa waya, pali munthu pa waya.

Zotsalazo zinachitika mofulumira. Nduna inafunsa mafunso awiri atatu, folomani anabweretsa tizidutswa ta kopa tija m'chipewa, ojambula anatijambula mpaka wothandizira wa nduna anawatchinga ndi thupi lake. Galimoto zinanyamuka zakudya zisanatsegulidwe n'komwe. Wothandizirayo anatsalira pang'ono kuti auze alamu kuti iwo ndi injiniya wawoyo asavutike kupita ku ofesi mawa, adzaitanidwa. Anthu anayamba kupinda mipando akuyankhula chapansipansi. Amayi ena anabwerera pa mipopi kukamaliza kuchapa.

Pabwalo patayera, alamu anabwera okha, malaya atang'ambika paphewa, mlomo utatupa. Anadzutsa makwerero mu udzu, anawatsamiritsa pa nsanja n'kuwagwira. Kwa kanthawi sanayang'ane kumwamba.

"Watiphera ntchito tonse awiri."

"Ndikudziwa."

"Ukanafa, ndikanakawauza chiyani achemwali ako?"

"Zimenezo mukanaziganizira musanadule."

Alamu anagwiritsitsa makwerero. Nachipewa anayang'ana mlomo wawo wotupawo, ndipo anawamvera chisoni, chifukwa ankawakonda bambo amenewa, ndipo mkwiyo sunachotse chikondicho. Koma chisoni ndi china, swichi ndi ina. Anayang'ana ku geti. Chogwirira chinali pomwepo, chopanda kanthu, riboni ikuuluzika ndi mphepo, ndipo ana a sukulu anali atayamba kale kuzungulira pholo lija.

"Tsika tsopano, zatha," anatero alamu.

"Swichi ili pululu. Loko wanga mwadula. Khomanipo wanu, nditsika."

Alamu anapisa m'thumba la buluku, kenako lina, ngati munthu amene akuyembekezeradi kupezamo kanthu. Munatuluka makiyi a galimoto, cholembera ndi mpango. Munthu amene anakwera mapholo theka la moyo wake, amene anaphunzitsa amisiri ambirimbiri lamulo lomwelo, anaima pamenepo atagwira mpango.

"Ndilibe loko, mlamu. Ndinasiya kuyenda naye nditalowa mu ofesi."

"Pa golosale ya pamphambano amagulitsa."

Alamu anamuyang'ana koyamba, kufuna kuona ngati akuseka. Sankaseka. Anali atakhalanso pansi, atatsamira thiransifoma, akutsegula botolo la madzi. Alamu anaitana folomani kuti aime pa swichi ndipo asalole munthu aliyense kuyandikira, ngakhale iwo amene. Dalaivala wawo anali atapita ndi gulu la nduna, ndipo makiyi anali m'manja mwawowo anali a galimoto ya kunyumba. Anatola jekete m'fumbi, anaikung'untha kawiri, n'kutuluka pa geti wapansi, akutsimphina, kulowera ku mphambano.