Wakumbuyo Akasiya Kupalasa

Pa gulu lathu lonse la oyenda ulendo wautali pa njinga, achemwali anga ndi amuna awo okha ndi amene anabwera ndi njinga ya anthu awiri, yaitali ngati benchi, ya zishalo ziwiri ndi mapedulo anayi. Alamu ankakhala kutsogolo pa handulo, achemwali kumbuyo. Tinali titayenda masiku angapo, kugona m'matenti, matako atatopa nako kudandaula.

M'mawa wina tikumwa tiyi, Makaniko, amene ankatikonzera njinga, anafunsa alamu ngati chinjingacho sichilemera.

"Njingayo ndi yopepuka," anatero alamu. "Cholemera ndi katundu ndanyamula kumbuyoyu. Amangowerenga mitengo."

Anthu anafa nacho chiseko. Achemwali anamaliza tiyi wawo, natsuka kapu. Ine ndinakula nawo, ndinadziwa kuti zavuta.

"Iwe," anandikodola, "uwauze alamu akowo kuti madzulo ano ndikwera galimoto yonyamula zikwama, ndizipita kwathu."

Ulendo umenewu alamu anaulalikira chaka chathunthu mpaka anansi kutopa nawo. Achemwali akachoka ndiye kuti wathera pomwepo, chifukwa chinjinga chimenecho munthu mmodzi safika nacho patali. Komanso sichiyenda anthu atakwiyirana. Wakumbuyo amangoona msana wa mnzake, ndiye wakutsogolo amayenera kumanena akafuna kuima kapena kusintha giya. Unkhoswe unagwera ine, kumapalasa pambali pawo.

"Alamu," anandiitana amuna awowo, "auzeni kuti kutsogoloku kuli dzenje."

"Achemwali, akuti dzenje."

"Uwauze kuti talowamo kale."

Dzuwa lili paliwombo tinakumana ndi chitunda chosaoneka kothera. Anzathu anatsogola ali wefuwefu. Titafika pakati, achemwali anachotsa mapazi pa mapedulo, kuwapachika pachitsulo, n'kuyamba kusenda nthochi. Njinga inayamba kuyenda ngati yachokera ku mowa. Alamu thukuta kamukamu, mitsempha ya m'khosi ili njo.

"Alamu... auzeni..."

"Pepani alamu," ndinayankha, nane ndikupuma ngati pampu yobooka. "Mpweya watsala wa munthu mmodzi. Ofesi yatseka."

Anapirira pang'ono, poti mwamuna sagonja msanga. Kenako anatembenuza khosi.

"Mayi a ana, chonde palasani."

"Ndikuwerenga mitengo. Musandisokoneze."

"Ndinalakwa."

"Munalakwira pa tiyi, anthu akumva. Pano akumva ndani? Mbalame?"

Alamu anakoka kampweya komaliza. "Anthu inu! Mkazi wanga amapalasa!"

Makaniko anali atatsalira pafupi pomwepo, koma anaika dzanja kukhutu. "Mwati bwanji, achikulire? Mphepo!"

"Amapalasa kuposa ine!"

Achemwali anamaliza kaye nthochi yawo, kupinda khoko bwinobwino, kuliika m'thumba. Atangoponda mapedulo, chinjinga chija chinadumpha ngati achilumitsa mavu. Chinandisiya ine, chinadutsa Makaniko, chinadutsanso anyamata ena a m'gulu lathu ovala zothina amene amadzitcha akatswiri.

Ndinawapeza pamwamba. Alamu anali atagona chagada pa udzu, achemwali akuwakupiza ndi chipewa.

"Ndiye ku galimoto ndikawauze zotani?" ndinafunsa.

"Usawauze kanthu. Koma kuyambira pano, handulo ndigwira ine."

Alamu anadzuka msangamsanga, nayang'ana msewu wotsetsereka kutsogolo kwathu, wokhotakhota mpaka kumunsi.

"Koma mayi, mabuleki mukuwadziwa?"

"Ndiphunzirira m'njira. Kwerani, bambo."