Nkhope ya Maud pa Khoma la ku Chawama

Chaka chimene unga unkagulidwa pamzere, mafakitale akuchotsa anthu ngati akupeta gaga, ku Chawama kunafika ana asukulu ya zojambula. Anabwera ndi zitini za penti, mabuku m'khwapa, nsapato zili mbee ngati sadziwa kuti kuno kuli matope. Mtsogoleri wawo, wandevu zosapesa dzina lake Chilekwa, ankati abwera kudzaphunzira kwa anthu. Kuphunzira kwakeko kunali kufunsa funso n'kuliyankha yekha.

Maud, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, ndiye anali ndi khoma lalitali loyang'ana kumsewu. Analola kuti alijambule pa chifukwa chimodzi chokha. Loweruka la sabata yotsatira kunkabwera banja la ku Matero kudzafunsira mwana wake Petronella, ndipo anthu a nyumba za kanselo ngati amenewo amaona wa m'komboni ngati nsikidzi. Khoma lokongola likanamuchotsako manyazi.

Pamsonkhano, azimayi anapempha maluwa, ena mpopi wotuluka madzi. Chilekwa anagwedeza mutu, analemba zonse mwaulemu, kenako anapempha Maud kuti akhale pampando amujambule monga mayi wa dera lonse. Maud anasamba, anadzola, anavala chitenje chake cha kutchalitchi ndi duku lomwe. Anakhala masiku atatu khosi lili gwa, zitumbuwa zikuzizira m'beseni. Khomalo ana asukuluwo analitchinga ndi masaka, ati luso salionera pakati.

Atachotsa masakawo, Maud anangoti kukamwa yasa. Pakhoma panali iye ndithu, mpata wa m'mano ndi chipsera cha pachibwano, koma atavala sanza, mafupa a m'khosi ali poyera, m'manja muli mbale yopanda kanthu. Ana asukuluwo anawomba m'manja okhaokha.

"Nanga chitenge changa chili kuti?" anafunsa Maud.

"Ba mayo, ise tifuna vinthu va zoona," anayankha Chilekwa. "Dziko ione mwamene muvutikila."

Zoona zimenezo anaziona liti, poti ngakhale m'nyumba mwake sanalowemo? Ana asukuluwo anajambulitsa zithunzi ataima patsogolo pa khomalo, n'kukwera minibasi kukalandira mamakisi awo. Mtima wa Maud unawawa koopsa. Anazungulira masitolo kufuna laimu woti afafanizire chithunzicho, koma laimu anali atasowa ngati sopo ndi shuga. Anapakapo matope, mvula ya Lachisanu n'kuwatsuka onse.

Loweruka alendo sanasochere, pakuti kondakitala anawatsitsa pamene anthu anali atayamba kale kupatchula kuti pa mayi wa njala. Anaima kaye pamsewu, kuyang'ana khoma, kuyang'ana Maud amene anali pakhomo atavala chitenje chomwe chija. M'nyumba anakamba za mvula, za kukwera kwa zinthu, za mavuto a minibasi. Mbale zofunsira mbeta zimene anabwera nazo sanazivundukule. Anangoti akaganizire kaye, ana asathamangire.

Lolemba azakhali a mnyamata wofuna Petronella, a Christine, anabweranso okha. Maud anadzuka msangamsanga kuyala mphasa, poganiza kuti abweretsa yankho. Iwo anakana kukhala. Anamupatsa jumbo, Petronella akuona, ndipo m'katimo munali madiresi awiri akale ndi kambale ka unga.

"Osamvela nsoni, mayi," anatero a Christine monong'ona. "Ise tinaona pa chipupa."