Kachipewa Kachikasu

Dokotala wa maganizo uja analonjeza mayi wogulitsa nsalu kuti mwana wake wamkazi ayamba kugona, koma sabata yachinayi inakwana tulo osaoneka. Mayi wogulitsa nsaluyo sanali munthu wosiyira lonjezo panjira. Anakhala pabenchi ya pakhonde akugwedeza mwendo, n'kuimirira, n'kukhalanso. Kuseri kwa chitseko, kumene mwanayo anali ndi dokotala, kunali zii. Ntchito ya dokotalayo n'kukhala imeneyo? Munthu wa masukulu onsewo kumangoti duu, maso pa bokosi la matishu?

Chimwalirireni khanda lake, mtsikanayo ankazungulira m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira, atagwira pamtima, akuti mpweya ukumuthera. Mayi ake anachita zomwe ankadziwa. Maliro atangotha anasonkhanitsa matewera, timalaya ndi kabedi, n'kugawira anthu. Dzina la khandalo analiletsa pakhomo. Bala salitokosa.

Atatopa kudikira anakankha chitseko osagogoda. Anauza dokotalayo kuti kumsika munthu amabwerera ndi nsalu m'manja, osati nkhani; angomupatsa mwanayo mapilisi, iwo azipita.

Dokotala sanakwiye. Anakoka mpando wachitatu, n'kunena kuti mapilisi ali ndi nthawi yake, koma lero mwana wawo ali ndi funso limene wakhala akuliyeserera m'chipinda momwemo masabata atatu. Kenako anayamba kachetechete wake wotopetsa uja.

"Amayi," anatero mtsikanayo, maso ali pansi, "munandisiyirako chiyani? Ngakhale kasokosi kamodzi. Nthawi zina ndimaona ngati ndinangolota kuti ndinabereka."

Mayiyo anayang'ana dokotala kuti amulanditse, koma mkuluyo anangopinda manja. Anayang'ana chitseko, sichinali patali. Anafuna kunena kuti zonsezo anachitira iye yemweyo, koma m'malo mwake anakoka chikwama chake.

Anachitsegula mwaukali ngati chamulakwira. Anatulutsa sizasi, tepi yoyezera, maswiti omatana, ndipo pansi penipeni, kachipewa kaubweya kachikasu kokulungidwa m'chidutswa cha nsalu.

"Ka Kamphuno wathu," anatero, mawu atasasa. "Ndimakanunkhiza kumsika makasitomala akasowa. Tenga, usandiyang'ane choncho."

Mtsikanayo anadziphimba nako kumaso, n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale pamanda. Mayiyo anasolola tishu n'kumupatsa, kenako anasololanso awiri.

"Awa ndi aulere eti, adokotala?" anafunsa mayiyo akumina.