Ampulifaya ya a Misheck

A Misheck adali akumangirira ampulifaya pa kaliyala ya njinga pomwe akazi awo, mayi Bibiana, adatuluka m'nyumba khasu lili paphewa.

"Lero ndi kuti, bambo a Jeni?"

"Kwa a Noel. Mwana wa mlongo wawo ali ndi chinkhoswe."

"Nanga mbande zija? Zakulira pa nazale mpaka zayamba chikasu. Anzathu onse ku Bwanje amaliza kuwokera, ndime yopanda mpunga yatsala yathu yokha."

"Ndikawauze chiyani a Noel? Ndinavomera kale."

"Walira mvula walira matope," adatero mayiwo akutsika pakhonde. "Pitani a Dijeyi, anthu anu akudikira."

Dzina limenelo lidawabaya a Misheck. Adakoka mphira mwamphamvu, namanga masipika awiri pamwamba pa ampulifayayo.

A Misheck adaphunzitsa sukulu za pulayimale zaka makumi atatu ndi zinayi, zambiri mwa izo kufupi ndi ku Mua. Atapuma ntchito adakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukagula chinthu chimodzi chomwe ankachilakalaka kuyambira kale: ampulifaya. Sidali ya mtengo wapamwamba, komanso sidali zija za pamsika zolira ngati chitini. Lidali bokosi lakuda, lolemera, lobwera ndi masipika asanu ndi wufa, sipika yaikulu ya mabesi yoika pansi. Adakhomera masipikawo m'makona a pabalaza, nalumikiza ku kanema. Tsiku loyamba mvula itagwa mu filimu, mayi Bibiana adathamangira panja kukanula zovala, nakapeza dzuwa likuswa mtengo. Adaseka onse awiri mpaka misozi.

Chimene ankafuna a Misheck chidali chochepa. Kukhala pampando wapakati masana, kuika nyimbo za kwaya, kumva mabesi akuchokera kumbuyo kwawo ngati ali m'tchalitchi momwe. Lamulungu masana mnzawo wa paubwana, a Pitala, kalipentala wa m'mudzimo, ankabwera kudzaonera mpira. Chigoli chikalowa, phokoso la m'bwalo linkawazinga mbali zonse, a Pitala nkumadzuka kuvina ndi mwendo wawo wotsimphina.

Adasangalala choncho milungu itatu yokha. Kenaka m'mudzi mudagwa maliro, ndipo a Noel, wapampando wa mphakati wa kutchalitchi, adabwera kudzapempha ampulifaya. Kutsogolo kwa ampulifayayo kudali kabowo ka maikolofoni, ndipo wina adali atakaona. A Misheck adabwereketsa ndi mtima wonse, maliro ndi kulirana. Idabwerako waya umodzi utaduka, rimoti ili ndi mafuta a ndiwo. Kuyambira pamenepo adaganiza zoti kulikonse komwe ipite, iwo apitenso.

Ndipo idapita. Kumaliro, kuchinkhoswe, kuubatizo, kumsonkhano wa alimi, ngakhale ku Golomoti komwe sankadziwako munthu, chifukwa wina adali msuweni wa wina. Vuto lake lidali loti ikatentha inkazima yokha. Dzuwa la kuno kuchigwa silicheza, choncho a Misheck ankakhala pambali pake tsiku lonse akuikupiza ndi chikatoni. Anthu akamadya, iwo akukupiza. Ikazima pakati pa ulaliki, mitu yonse inkatembenukira kwa iwo. Ana omwe adawaphunzitsa kuwerenga adasiya kuwatchula aphunzitsi, nkumawatchula a Dijeyi.

Kukana adayesapo kamodzi. A Noel adangomwetulira.

"Aphunzitsi, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lanu likadzafika, anthu adzakumbukira."

Ku chinkhoswe cha tsiku limenelo magetsi adali a jenereta. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, a Misheck adachoka pang'ono kukataya madzi. Ali kuseri adamva nyimbo ikukwera, kukwererabe, kenaka phu! Zii. Atabwerera adapeza fungo la waya wopsa, achinyamata atabalalika, aliyense akuyang'ana kumbali.

"Mwatichititsa manyazi pamaso pa akuchimuna," adatero a Noel, thukuta lili kamukamu. "Bwanji simunanene kuti chinthu chanu n'chodwala?"

Palibe adapepesa. A Misheck adamanga katundu wawo nakankha njinga mpaka kunyumba, osakwera.

Lolemba adapita nayo ku Mtakataka kwa Ali, wokonza mawailesi ndi mafoni m'kashopu ka m'mbali mwa msewu. Ali adamasula chivundikiro, napemerera fumbi, nayezayeza ndi kamakina kake.

"Mwayi wanu, aphunzitsi. Yapsa ndi fyuzi, ndi kanthu kena kakang'ono aka. Khalani pabenchipo, simuchedwa." Adawotcherera, nalumikiza sipika, nyimbo nkumveka bwinobwino ngati kale. "Koma ndikuuzeni. Iyi ndi ya pabalaza, si ya pabwalo ayi. Mbuzi mukuikoketsa ngolo. Tsiku lina idzapsa zenizeni."

A Misheck adayang'ana kunja, minibasi ikuitanira anthu a ku Salima. Kenaka adatembenukira kwa Ali.

"Ali, munthu akakufunsa, umuuze kuti yaferatu."

"Wallahi, aphunzitsi, bodza ine ayi. Munandiphunzitsa nokha sitandade folo." Adaseka, koma ataona nkhope yawo adasiya. "Chomwe ndingathe n'kutseka pakamwa. Za makasitomala sindikamba."

A Misheck adaiika ampulifayayo m'thumba la feteleza, pamwamba nkuikapo kabichi awiri. Kunyumba adailowetsa kuchipinda, pansi pa bedi. Mayi Bibiana adaima pakhomo akuonerera.

"Yachira?"

"Yachira. Koma kwa anthu yafa."

"Bodza lili ngati mwana wakhanda, bambo a Jeni. Limafuna kulibereka kulikonse mupite."

"Ukufuna mpunga kapena sukufuna?"

Mawa lake adapita onse kusikimu ya mpunga ku Bwanje. Adawokera masiku anayi, misana ikuwawa, mbande zina nkuzitaya chifukwa zidakalamba. A Noel atabwera kudzafunsa, a Misheck adawauza kuti mkati monse mudapserera, ndipo adaisiya kwa okonza kuti achotseko zitsulo. A Noel adapukusa mutu nkumapita. Loweruka lidafika, palibe adagogoda. Loweruka linanso chimodzimodzi.

Koma pabalaza padali zii. Masipika adali pomwepo m'makona, akangaude akuyamba kulukapo. Nyumba za m'mudzimo n'zoyandikana, ndipo wufa uja ankamveka mpaka kumjigo. Kuyatsa kudali kudziulula.

Lamulungu a Pitala adabwera monga mwa nthawi zonse. Adaonera mpira ndi timawu ta kanema tokhatokha. Chigoli chidalowa, iwo osadzuka.

"Achimwene, zikundiwawa ngati chinali changa," adatero. "Munagwira ntchito zaka zonsezija, kanthu kamodzi kokusangalatsani anthu nkukupherani. Ku Salima kuli mnyamata wina wodziwa, ndinamukhomera mashelefu. Tikaitenge kwa Ali, ndipita nayo ndekha."

"Zisiyeni, a Pitala. Yapita imeneyo."

"Musataye mtima msanga. Ine mipando yothyoka miyendo yonse ndimaidzutsa."

Ampulifaya idali kuseri kwa khoma lomwe a Pitala adatsamira. A Misheck adatsegula pakamwa kuti anene, koma adakumbukira kuti mnzawoyo sasunga nkhani, amaseka nayo pamsika. Adangowathirira tiyi wina.

Tsiku lina masana kudagwa chimvula. Malata adalira mwakuti munthu sakadamva mnzake. A Misheck adatseka mawindo, nakoka ampulifaya, nalumikiza mawaya. Adaika kwaya, motsitsa, nakhala pampando wawo wapakati. Mabesi adabwera kumbuyo kwawo. Adatsinzina. Nyimbo yachiwiri isadathe mvula idayamba kukata, ndipo adadzambatuka kukazula pulagi ngati wakuba wamva agalu.

Kumayambiriro kwa Malichi, a Yohane a kuseri kwa tchalitchi adataya mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Adabwera okha m'mawa, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, ndamva kuti inafa. Koma ndati ndifunsebe, mwina inakonzedwa. Anzake a kusukulu akufuna kudzamuimbira."

Mayi Bibiana adali pakhonde akusankha nyemba. Manja awo adaima.

"Pepani a Yohane," adatero a Misheck akuyang'ana pansi. "Ikanakhalapo sindikanakumanani."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Inu simumana."

Patangotha masiku asanu ndi limodzi, a Pitala adagwa pa benchi yawo ya ukalipentala, mpini wa sowo uli m'manja. Pofika nawo kuchipatala adali atatsirizika.

M'mawa wa tsiku loika, a Misheck adali kuchipinda akuvala jekete. Mayi Bibiana adalowa natseka chitseko.

"Itulutseni."

"Sindingathe."

"Ndi a Pitala awa, bambo a Jeni. Kubwera anthu ochokera ku Mua, ku Golomoti, konsekonse komwe anakhomako denga. Itulutseni, munene kuti yakonzedwa dzulo."

"Ndani angakhulupirire? Ndinauza a Noel kuti inaphwasulidwa. Nanga a Yohane? Manda a mwana wawo dothi lake silinaume. Aone ine ndikutsitsa ampulifaya panjinga, aganize chiyani? Kuti mwana wawo sanali munthu?"

"Ndiye mnzanu apite chete chifukwa cha manyazi anu?"

"Ndikatulutsa ndalakwira a Yohane. Ndikasiya ndalakwira a Pitala. Undiuze iweyo, ndilakwire uti?"

Mayi Bibiana adatsegula chitseko. Adamanga chitenje chawo nkutuluka. A Misheck adagwada, nasuzumira pansi pa bedi, nagwira ngodya ya thumba lija. Adakhala chogwada choncho mpaka belu la kutchalitchi lidalira. Kenaka adadzuka chimanjamanja.

Anthu adalidi ambiri. Adadzaza pabwalo, ena pansi pa mitengo ya mango, ena mpaka kumsewu. Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, a Noel adaitana a Misheck, poti ndiwo adakula nawo. Adaimirira pafupi ndi bokosi, kapepala kali m'manja, nayamba kunena za chaka chomwe a Pitala adabadwa.

"Sitikumva kuno!" adafuula wina kumbuyo.

Adakweza mawu. Adanena za madenga, za mabenchi a m'tchalitchi, za mabokosi a maliro omwe a Pitala ankakhomera amasiye osawauza mtengo.

"Kwezani, aphunzitsi! Sitikumva!"

Adakwezanso, ndi mawu aja ankaitanira nawo ana pa asembule, koma zaka zidali zitawadya. Pakati pa chiganizo mawu adasweka, nkutsala kukhosomola. Munthu wina adadzuka pagulu la abambo nawabweretsera madzi m'kapu. Adali a Yohane.

"Imwani, aphunzitsi. Ife tili pafupi tamva, tikawauza enawo."

A Misheck adalandira ndi manja awiri. Adamwa pang'ono, nabweza kapu.

Pochokera kumanda adakumana ndi Ali, yemwe adatseka shopu kudzaperekeza kalipentala amene adamukhomera kauntala. Adagwirana chanza. Ali adawayang'ana m'maso kanthawi.

"Pepani, aphunzitsi," adatero, osaonjezera kanthu.

Atafika kunyumba a Misheck sadavule jekete. Adakokera tebulo pakona, nakwerapo, nayamba kumasula sipika yoyamba. Mayi Bibiana adalowa atamasula kale atatu.

"Mukupita nawo kuti?"

"Pansi pa bedi malo akadalipo."

Mayiwo adayang'ana misomali yotsala pakhoma, nayang'ana amuna awo. Kenaka adasendera, nagwira mwendo wa tebulo kuti lisagwedere.