Tsiku Limene a Taye Anatuluka Pakhonde

Wometa wina anatseka babashopu yake dzuwa lili paliwombo, Loweruka, tsiku limene anthu amachita kulimbirana benchi. Alamu ake anali atamuimbira foni kawiri.

"Bwerani mudzayankhule nawo abale anuwa," anatero. "Anzawo akuntchito akubwera masana ano, ndipo achimwene anuwo akuti ndikawabwezenso pageti. Kachinayi kameneka. Ine manyazi andikwana."

Achimwene a wometayo anayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu. Kudepoti ankawatchula kuti a Taye, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, iwo pachiwongolero ankakhala atamanga taye, malaya osita, kolala ili njo. Miyezi itatu m'mbuyomo sitiroko inawagwetsa m'bafa. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo chitulukire m'chipatala anali asanaponde pakhonde.

Wometayo anafika malaya atamatirira kumsana. Phula la mumsewu linali litafewa, agalu ali lilime panja pansi pa magalimoto. Alamu ake anamulandira chikwama cha zometera, n'kumulozera chitseko ndi chibwano.

Kuchipindako zenera linali lotseka, katani atakoka. Fani inkangozunguza mpweya womwewo. Munkamveka thukuta, mankhwala opaka ndi fungo la pulasitiki yoyala pamatiresi. A Taye anali gone choyang'ana kukhoma, ndevu zitamera mpaka m'khosi.

"Achimwene, ndabwera."

"Wakutuma ndani?" Mawu ankatuluka olemera, ngati munthu wadzaza madzi m'kamwa.

"Ndevu zanuzi. Zadziwika tauni yonse kuti m'bale wa wometa wasanduka tchire. Mukundithawitsira makasitomala."

A Taye sanaseke. Wometayo anakoka katani, n'kukankha zenera, kenako anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Anzanu mukuwabwezeranji?"

Munthu wamkuluyo anayankha osatembenuka.

"Ndikununkha."

Mng'ono wawoyo anatsegula pakamwa kuti akane, koma anadzigwira. Chikulire chawo, achimwene akewo bodza ankalimva lisanathe kutuluka.

"Mukununkhadi," anatero. "Nanga munthu wodzitsekera m'ng'anjo ngati muno anganunkhire bwanji? Inenso ndikununkha, ndinunkhizeni. Madzi alipo, sopo alipo. Dzukani."

Anaitanitsa beseni la madzi ozizira. Anawavula malaya, n'kuwakhazika pampando, ndipo anayamba kuwapukuta ndi thaulo: m'khosi, m'khwapa, kumsana komwe kunali katuza. Dzanja lakufalo linkalemera ngati si la munthu. Anakumbukira kuti dzanja lomwelo ndi limene linkamusambitsa iye ali wamng'ono, mayi awo akalawirira kuntchito, ndipo linkakhula mosamva chisoni. Anangofinya thaulo n'kupitiriza.

Kumeta kunali kovuta. Tsaya lakumanja linali lolendewera, moti ankachita kulikoka ndi zala kuti lezala adutse bwino. A Taye anatsinzina nthawi yonseyo. Atamaliza anawapatsa galasi. Anadziyang'ana kwa kanthawi, n'kugwira pakona pa mlomo wopotokawo.

"Tsegula dilowa yapamwambayo," anatero.

Munali mataye opindidwa bwino, laisensi, ndi kabotolo ka perefyumu kobiriwira, kotsala theka. Wometayo ankakadziwa. A Taye ankakasungira nyengo yotentha yokha. Ankati zonunkhira zotsekemera n'zam'nyengo yozizira, padzuwa zimadwalitsa apaulendo mutu.

"Kwezani chibwano ndikupopereni."

"Ayi. Bweretsa."

Anakagwira ndi dzanja lamanzere, limene moyo wawo wonse linkangothandizira linzake. Chala chinaterereka pakabatani. Anayesanso, botolo linagwera pamiyendo. Wometayo manja ankamuyabwa kuti awathandize, koma anawapinda kumbuyo. Kachitatu kabataniko kanatsika ndithu, koma kamwa ya botolo inali italoza kwina, ndipo zonse zinamuthera wometayo m'diso.

"Mayo! Achimwene, mwandipha!"

A Taye anatulutsa kaphokoso kachilendo, mapewa akugwedezeka. Alamu anathamangira pakhomo poganiza kuti atsamwa. A Taye anali akuseka, mbali imodzi ya nkhope, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri.

Anatembenuza botolo lija pang'onopang'ono ndi zala, n'kudzipopera kamodzi pakhosi, kamodzi pachifuwa. Fungo linadzaza chipinda mosachita phokoso. Poyamba linali lozizira, ngati mphepo yodutsa pamwamba pa madzi ambiri, kenako pansi pake panatuluka fungo la thabwa longochekedwa kumene. Alamu anaima pakhomo paja atagwira felemu. Anapuma kamodzi mozama, n'kubwerera kukhitchini mwachangu, ndipo mpopi unamveka ukutuluka madzi nthawi yaitali.

"Kawiri basi," anatero a Taye. "Kukatentha, kawiri. Iwe umathira anthu ngati ukupha mphemvu."

"Ndamva, bwana. Taye uti?"

"Wotuwa."

Wometayo sankadziwa kumanga taye. Anamangira pakhosi pake, achimwene akumulangiza ndi chala, mpaka mfundo inatuluka yokhota koma yogwira. Kenako anawaveka malaya ndi tayeyo, n'kuwakoleka dzanja paphewa. Kuchoka pabedi kufika pakhonde anali mapazi khumi ndi awiri, ndipo anapuma kawiri panjira.

Alendo anafika atatu: makanika wa kudepoti, mayi wogulitsa matikiti, ndi kondakitala wachikulire amene anayenda ndi a Taye zaka khumi. Anaima pageti ngati akudikira kubwezedwa. Ataona munthu ali pampando pakhonde, kondakitalayo anavula chipewa. Anakwera masitepe, n'kuwerama kuwakumbatira, ndipo anakhalitsa pomwepo nkhope ili paphewa pawo.

"Ndinu nomwe, adalaivala," anatero potsiriza. "Ndinu nomwe ndithu."

Anacheza za msewu umene akuukonza, za makanika wina amene wabereka mapasa, za kutentha kumene kwaphulitsa matayala atatu sabata imodzi. A Taye ankayankha mawu amodziamodzi, ndipo alendowo anaphunzira msanga kudikira mpaka mawuwo atuluke. Kenako a Taye anafunsa chimene onse ankachizemba.

"Basi yanga?"

Anayang'anizana. Mayi wa matikiti ndiye analimba mtima.

"Anaipereka kwa wina, bambo. Mwezi watha."

A Taye anagwedeza mutu. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Giya yachitatu imavuta," anatero. "Mumuuze asamaikakamize."

Alendo atapita, wometayo anafuna kuwalowetsa m'nyumba, koma iwo anakana. Anakhala awiriwo pakhonde, mthunzi wa nyumba ukutalika kulowera kugeti. A Taye analira mwakachetechete, ndipo mng'ono wawo anayang'ana kumbali mpaka atamaliza.

Pachiwongolero sanabwererenso. Mwendo unayamba kumvera pang'ono, dzanja linakaniratu. Koma kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ankasamba, kuvala, n'kutuluka ndi ndodo kukakhala pakhonde, ndipo basi yawo yakale ikamadutsa m'ma seveni inkaliza hutala kawiri. Iwo ankakweza dzanja lamanzere.